Kapampu M'galimoto Yokhoma

Kudoko komwe maboti a ku chilumba cha Mbenji amanyamukira kuli mpanda wa bango wotalika kupitirira mutu wa munthu, ndipo mwini mpandawo ndi Binwell Kamtedza. Ntchito yake ndi yosunga magalimoto a eni. Iye mwini galimoto alibe, ngakhale njinga yakapalasa alibe, koma mukamumva akufotokoza za injini mungayese anabadwira pansi pa boneti. Ogula utaka akamawolokera kuchilumba, poti galimoto siyandama, amaisiya m'manja mwake n'kupita mtima uli m'malo. Mpaka lero amasiyabe. Koma amene anamudziwa kale amanena kuti Binwell wa masiku ano si yemwe uja ankaseka mpaka misozi, ndipo amadziwa mwera womwe unamusintha.

Anabadwira kumtunda, m'mudzi wa alimi a thonje cha ku Khombedza, kwa anthu omwe nyanja amangoimvera kwa ogulitsa usipa. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha lole ina yomwe inkabwera kudzatenga thonje. Anaikonda loleyo kuposa mmene mnyamata amakondera namwali, mpaka tsiku lina anakwera pamwamba pa mabelo osatsanzika. Zaka zambiri anakhala wothandiza dalaivala: kumanga tenti, kuthamanga ndi mwala kukaika kuseri kwa tayala pamtunda, kugona pansi pa lole, kunyamula mpunga ku Lifuwu ndi simenti ku Chipoka. Chiwongolero sanamugwiritseko olo tsiku limodzi. Lole itafa ndi ukalamba, inamusiya kunyanja kuno ali ndi sipanala imodzi m'thumba ndi mkazi, Triza, amene ankagulitsa zitumbuwa padoko ndipo anakwatiwa naye akudziwa bwinobwino kuti munthuyu ndi wouma mutu.

Anayesako usodzi, koma nyanja inamukana poyera. Boti likangochoka pamchenga iye ankayamba kusanza, ndipo asodzi anzake atatopa ndi kuseka anamuuza kuti abwerere kumtunda akalime. Ndiye tsiku lina wogula nsomba wina anapempha kusiya pikapu yake pakhomo pawo. Binwell anaisamala ngati khanda. Mwini wake atabwerera anapeza galimoto yotsukidwa, matayala ophimbidwa ndi masaka kuopa dzuwa, ndipo anakauza anzake. Umo ndi mmene mpanda uja unayambira.

Kusamala kwake kunali kopitirira muyeso, tisabise. Mbuzi ikangoyang'ana kuchipata inkagendedwa. Mwana wawo, Tikondwe, anakula akudziwa kuti kutsamira galimoto ya mwini ndi mlandu woposa kuba ndiwo mumphika. Binwell akaona kokalika papenti, ngakhale galimotoyo itabwera nako, chakudya sichinkamutsikira bwino. Triza ankanena kuti mwamuna wake akanakhala kuti amamusamala iye mmene amasamalira magalasi a eni, bwenzi pano akuoneka ngati mtsikana.

Kenaka kunabwera vuto la mabatire. Asodzi atasiya nyali za parafini n'kuyamba kuwedza ndi mababu oyendera batire, mabatire a m'magalimoto anayamba kusowa m'madoko onse. Binwell anakhazikitsa lamulo lake: galimoto iliyonse yogona mumpanda mwake izigona yopanda batire. Mwini wake ankatsekula boneti, Binwell n'kumasula batire, n'kukulunga mitu ya mawaya ndi majumbo n'kumanga ndi linya, batirelo n'kukaliika kunsi kwa bedi. Triza ankadandaula ndi fungo la asidi komanso zitenje zobooka, koma eni magalimoto ankayamikira, chifukwa ngakhale munthu atakhalitsa kuchilumba, pobwera ankapeza batire lili ndi moto wake. Ankangolowetsa kiyi pachitseko, n'kukoka kachitsulo ka boneti, batire n'kubwerera m'malo mwake. Zinkayenda choncho ndi mapikapu okalamba aja, ndipo palibe anaganizapo kuti kudzabwera magalimoto omvera kabokosi ka m'thumba.

Amene anabweretsa galimoto yotereyi anali aphunzitsi a Macdonald Nyirongo. Kwawo kunali ku Rumphi, koma anatumizidwa kudzaphunzitsa cha ku Lifuwu akadali mnyamata, ndipo anakalambira konkuno. Anali munthu wochepa thupi, waulemu, wodwala mphumu kuyambira ubwana wawo, moti m'thumba la malaya simunkasowa kapampu kabuluu kopopera mankhwala m'kamwa chifuwa chikabanika. Atapuma ntchito, penshoni yawo anagulira galimoto yochokera ku Japan, yotuwa ngati mamba a utaka, n'cholinga choti azigula nsomba kukagulitsa ku Lilongwe. Mapepala apulasitiki a pamipando sanachotse. Asanalowe m'galimotomo ankayamba agogoda nsapato kuti mchenga utsale kunja. Binwell atangowaona akutero anadziwa kuti wapeza mnzake.

Unali mwezi wa Juni, m'mawa wozizira. Boti la Che Abdulkarim, msodzi wamkulu wa padokopo, linali litadzaza kale, injini ikulira.

"Aphunzitsi, boneti," anatero Binwell, sipanala ili m'manja. "Kuno galimoto imagona yopanda batire."

"Ndinamva za lamulo lanulo, a Kamtedza. Koma mundigwirire bwino, ndi mwana wanga womaliza ameneyu."

"Ikakalika pena paliponse mudzandidule khutu."

"Aphunzitsi, tikusiyani!" anakuwa Che Abdulkarim ali kuboti.

Aphunzitsi anakoka kachitsulo ka boneti, anatseka chitseko, n'kudina rimoti. Galimoto inalira kuti kwi-kwi, magetsi anaphethira, timagalasi ta m'mbali tinadzipinda tokha. Rimoti anaiponya m'thumba n'kuthamangira kumadzi, chikwama chili pamutu. Binwell anamasula batire mwaluso lake lonse, anakulunga mitu ya mawaya, n'kutsitsa boneti mpaka inakhoma. Tsiku limenelo anayenda monyada, poti mumpanda mwake munali musanagonepo galimoto yokongola chotero.

M'mawa mwake, akupukuta mame pagalasi, anaona kanthu pampando wakutsogolo. Kanali kapampu kabuluu, katsopano, kali pafupi ndi chipewa cha aphunzitsi. Anaganiza kuti n'kapadera, poti kena anakaona m'thumba la malaya awo. Mosaganiza anakoka chogwirira cha chitseko. Chitseko chinali gwa. Apo ndi pomwe maganizo anamufikira, pang'onopang'ono, ngati madzi olowa m'boti lobooka: zitseko za galimotoyi zimatsekuka ndi moto wa batire, batire lili kunsi kwa bedi, ndipo boneti imatsekulidwira mkati.

Triza, amene ankasesa pabwalo, anamuona ataima nsanza ili m'manja.

"Bambo a Tikondwe, batire lija mudzalibwezera bwanji?"

"Pachitseko pali kabowo ka kiyi apa. Sukukaona? Kiyi ali naye eni ake."

"Munamuona kiyiyo?"

Binwell anatola mwala n'kugenda mbuzi yomwe inkangodzidutsira kunja kwa mpanda.

Akanatha kuimba foni. Kuchilumba netiweki imavuta, komabe munthu akakwera pathanthwe imagwira. Foniyo anaitulutsa kangapo, n'kuibwezanso m'thumba. Akanati chiyani? Kuti iye, Binwell Kamtedza, amene ogula nsomba amamutchula mpaka ku Lilongwe, wadzitsekera kunja kwa galimoto ya mwini? Anadziuza kuti galimoto yopanda kiyi kulibe, ndipo nkhaniyo anaikankhira kumbuyo kwa mutu.

Tsiku lotsatira mwera unayamba. Sunabwere mwaukali poyamba, unangoyamba ndi kugwedeza bango la mpanda ndi kuthira mchenga m'ndiwo. Kenaka nyanja inada, mafunde anayamba kumenya gombe mosalekeza, ndipo asodzi anakokera mabwato awo kumtunda. Kuchilumba sikunapitenso boti, ndipo sikunachokenso boti. Aphunzitsi anali atanena kuti akangogona kawiri n'kubwerera, koma sabata inatha. Kunazizira kuzizira kolowa m'mafupa, kuja kodzutsa zifuwa zonse zogona. Binwell ankadziwa mmene kuchilumba kumakhalira nyengo yotere: anthu opanikizana m'misasa ya udzu, utsi wowambira nsomba uli tolo, mphepo ikulowa paliponse. M'mawa uliwonse popukuta galasi lija ankayesetsa kuyang'ana kumbali, koma maso ankapita okha pakapampu kaja. Kanali pomwepo, phee, pamtunda wosakwana mkono kuchokera pamphuno pake.

Tsiku lina boti linaoneka dzuwa lili paliwombo, mwera usanaleke. Linkatuluka pamwamba pa funde n'kubisikanso, moti anthu anasiya zomwe ankachita n'kukaima pagombe. Aliyense wa kunyanja amadziwa kuti munthu wanzeru sawoloka pamadzi otere pokhapokha ngati m'botimo muli maliro kapena matenda. Binwell anaima pachipata cha mpanda wake, akupemphera kuti likhale boti la wina aliyense. Litayandikira anazindikira utoto wake wobiriwira. Linali la Che Abdulkarim.

Aphunzitsi anawatsitsa atawanyamula anthu awiri. Anali atanyowa thupi lonse, mapewa atakwera m'mwamba, khosi litakokeka, ndipo mpweya uliwonse unkatuluka ndi kamluzu komveka ngakhale mphepo inkawomba chotero. Milomo inali itatuwa. Anawakhazika pampando pansi pa mtengo wa mango mumpanda muja, atawerama, zigongono zili pamaondo.

"Kapampu kawo kanatha dzana," anatero Che Abdulkarim, madzi akuchucha m'ndevu. "Tawafukiza, tawamwetsa madzi otentha, palibe chathandiza. Akuti kena kali m'galimoto. Tsekulani msanga, a Kamtedza."

Triza anapisa m'thumba la aphunzitsi n'kutulutsa rimoti, itakulungidwa bwinobwino m'pepala la shuga. Che Abdulkarim anailanda, analoza galimoto, n'kudina. Kunali zii. Anadinanso, anayandikira, anaigwedeza, anaipukuta pamalaya.

"Yalowa madzi?"

"Sinalowe madzi," anatero Binwell. "Batire lili m'nyumba."

"Ndiye kalitengeni!"

"Boneti imatsekulidwira mkati."

Anthu omwe anali atadzaza mumpandamo anayang'anana. Ena sanamvetse msanga, koma atamvetsa, maso onse anatembenukira kwa Binwell, ndipo iye analakalaka nthaka itang'ambika. Aphunzitsi anatambasula dzanja n'kuloza m'mbali mwa rimoti. Panali kabatani kakang'ono. Binwell atakankha, munatuluka kakiyi kachitsulo, ndipo mtima wake unagunda ndi chimwemwe. Koma atakayang'anitsitsa, chimwemwecho chinatha. Kakiyiko kanali kosalala mbali zonse, kopanda mano ngakhale limodzi. Anayesabe kukalowetsa pakabowo kaja, ndipo kanakana kutembenuka.

"Wogulitsa... anati... ndikadulitse," anatero aphunzitsi, liwu lililonse akuligula ndi mpweya. "Ndinkati... mawa."

Triza anali atauza kale munthu wina kuti aimbire wa njinga yamoto. Tsikulo linali la msika kumtunda, ndipo anyamata onse a kabaza anali komweko. Amene anayankha foni anati akubwera pompano, koma pompano wa anthu a kabaza tonse timamudziwa. Komanso kunena zoona, za chipatala palibe ankaziganizira kwenikweni. Mankhwala anali pomwepo, aliyense ankawaona, ana ankachita kuloza ndi zala pagalasi.

Che Abdulkarim sanataye nthawi. Anawerama n'kutola chimwala chomwe Binwell ankatchingira matayala, n'kulunjika pagalasi la chitseko. Koma aphunzitsi anakweza dzanja.

"Ayi... galasi... ayi."

Binwell analumpha n'kuima pakati pa mwala ndi galimoto, manja atatambasula.

"Mwawamva eni ake, Che Abdulkarim. Ndipatseni kanthawi pang'ono. Nditsekula osaswa kanthu."

Apa ndi pomwe nkhaniyi imapsetsa mtima. Munthu amene akubanika saganiza bwino, ndipo dzanja lake silofunika kulimvera. Binwell ankadziwa zimenezi. Koma dzanja lija litakwera, mumtima mwake munabwera mpumulo, chifukwa linanena zomwe iye ankafuna kumva. Mumpanda mwake munali musanaswekepo galasi, ndipo sankafuna kuti loyamba lisweke chifukwa cha kupusa kwake, anthu onse a padoko akuonerera. Nawonso anthuwo anabwerera m'mbuyo. Galimoto inali ya aphunzitsi, mpanda unali wa Binwell, onse awiri akana, ndiye wachitatu angaswe ngati ndani? Che Abdulkarim anatsitsa mwala uja koma sanautaye.

Binwell anathamangira m'nyumba n'kubwera ndi waya wautali. Mapikapu akale ankawatsekula chotero eni ake akataya makiyi: kulowetsa waya pamphira wa chitseko, n'kukola kachitsulo koimirira kaja, n'kukoka. Asanalowetse wayayo, anang'amba kansanza n'kuyamba kukulunga kunsonga kwake.

"Wallahi, a Kamtedza!" anakuwa Che Abdulkarim. "Munthu akutha uyu, inu mukuveka waya malaya?"

"Angakale penti."

Waya analowa, anayendayenda mkatimo ngati ndodo ya wakhungu, koma chokola panalibe. Mkati mwa chitseko chija munali mosalala. Nsonga ya waya inafika mpaka pampando, inakhudza chipewa, inakankha kapampu kaja, ndipo kanagubuduka n'kukaima pakati pa mpando ndi chitseko. Anthu anafuula limodzi ngati oonerera mpira. Kuseri kwawo, pansi pa mango, kamluzu kaja kanali katayamba kuthamanga.

Thukuta linali kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndiye Binwell anakumbukira za lole ija. Waya wamkulu wochokera kubatire amatsikira kusitata, kachipangizo kolizira galimoto, pansi pa injini. Munthu atalowa kunsi n'kugunditsa moto wa batire pamenepo, galimoto yonse ingadzuke, rimoti n'kugwira ntchito. Mitu ya mawaya ija anaikulunga yekha ndi majumbo, choncho panalibe choopa kuti moto ungathawire kwina. Nzeruyo inali yabwino ndithu, ndipo ubwino wakewo ndi umene unawononga zinthu.

"Kumbani apa!" analamula. "Jeki ili mkati, ndiye tikumba mchenga. Bweretsani mawaya a mababu!"

Galimotoyo inali yaifupi, mimba yake inkatsala pang'ono kukhudza pansi. Amuna anabwera ndi makasu, ena nkhafi, ena ankafukula ndi manja. Anthu amakonda kupatsidwa chochita pamene akuopa, ndipo mumpanda monse munadzaza phokoso la ntchito, wina akulangiza uku, wina akutsutsa uko. Pang'onopang'ono onse anafulatira mtengo wa mango n'kuyang'ana galimoto. Kwa aphunzitsi kunatsala Triza yekha, atagwada, akuwasisita pamsana ndi kuwauza kuti apirire, atsala pang'ono kutsekula.

Binwell anatulutsa batire kunsi kwa bedi n'kuliika pamchenga pafupi ndi tayala. Mawaya a asodzi analibe zopanira, ndiye panafunika munthu woti agwirizire nsonga zake pamitu ya batire ndi manja onse awiri, osasiya.

"Che Abdulkarim, inu ndinu a manja amphamvu. Gwirani apa ndi apa."

Kaya anasankha munthuyo chifukwa cha mphamvu zake, kaya chifukwa cha chomwe chinali m'manja mwakemo, Binwell yekha ndiye akudziwa. Che Abdulkarim anaika mwala pansi n'kugwira mawaya. Rimoti Binwell anaipereka kwa msodzi wina dzina lake Jailosi, n'kumuuza kuti azingodina.

Binwell analowa chagada m'dzenje lija. Kunsiko kunali mdima ndi fungo la oyilo, mchenga ukumugwera m'maso. Injini yake sinali ngati ya lole. Zonse zinali zothinana, zobisika kuseri kwa chipulasitiki chomwe anachita kuchimasula ndi sipanala, ndipo ngakhale pamenepo anaika timabawuti take m'thumba kuti tisasowe. Anapapasa ndi zala mpaka anakhudza chinthu chozungulira chokhala ndi waya wonenepa. Kunja phokoso linali litachepa. Anatchera khutu kufuna kumva kamluzu kaja, ndipo anamva kuti katsika, kakumveka patalipatali. Anaganiza kuti chifuwa chayamba kumasuka chokha, ndipo anathokoza Mulungu.

"Bambo a Tikondwe." Anali mawu a Triza, otsika, osakuwa. "Iswani galasilo."

"Pang'ono pokha, mayi. Ndapapeza."

"Bambo a Tikondwe, ndikukupemphani."

"Ndati pang'ono pokha!"

Anagunditsa waya. Moto unathetheka, unamutentha chala, ndipo anatukwana. Anali atakhudza chitsulo cholakwika. Anapukuta mchenga m'maso ndi phewa, anapapasanso, anasenda kamphira kophimba bawuti, n'kukanikiza waya pamenepo ndi mphamvu zake zonse, waya winayo atamugunditsa pachitsulo cha galimoto. Pamwamba pake china chake chinalira mkati mwa injini ngati udzudzu.

"Dinani!"

Kwi-kwi. Magetsi anaphethira, timagalasi ta m'mbali tinatambasuka, ndipo zitseko zonse zinamasuka nthawi imodzi. Amuna aja anakuwa ndi chimwemwe, wina anaimba mluzu, wina anamenya khasu pansi. Binwell anatuluka m'dzenjemo chokwawa, msana wonse uli mchenga, mano ali pamtunda. Anatsekula chitseko, fungo la pulasitiki wotentha linamuwomba kumaso, anapisa dzanja pambali pa mpando n'kutola kapampu kaja. Kanali kofunda ndi dzuwa. Anakakweza m'mwamba kuti onse akaone, n'kukankha anthu kuthamangira kumtengo wa mango.

Pampando paja panalibe munthu. Triza anali atagwada pamchenga ndi diresi lokha, wopanda chitenje chake. Chitenjecho chinali chitayalidwa patsogolo pake, ndipo kumapeto kwake kunkaoneka mapazi awiri onyowa, nsapato imodzi itavuka.

Chimwemwe chija chinazima kuyambira kwa omwe anali pafupi mpaka kwa omwe anali kuchipata. Che Abdulkarim, amene anali akadagwirizirabe mawaya pabatire, anatembenuza mutu, anaona, n'kunena chapansipansi mawu omwe Asilamu amanena munthu akamwalira, "Innalillahi."

Binwell anagwada, anagwira nsonga ya chitenje kuti avundukule, kapampu kali m'dzanja linalo. Triza anamugwira pamkono.

"Asiyeni."

"Mwina angokomoka. Tingowapopera kamodzi."

"Asiyeni, bambo a Tikondwe. Anatsamira pa ine inu mukadali kunsi uko."

Binwell sanalire pomwepo. Anangokhala chogwada, akuyang'ana kanthu kabuluu kaja m'manja mwake, osadziwa kuti akaike pati. Wa njinga yamoto uja anafika anthu atayamba kale kukambirana za mmene anganyamulire thupi.

Mayi Pauline Nyirongo, akazi a aphunzitsi, anabwera kudzatenga galimotoyo maliro atatha, ali ndi mlamu wawo woti ayendetse. Anali mayi wamtali, wofatsa, atavala zakuda, maso atatupa. Tsiku la ngoziyo anali kumudzi ku Rumphi kokolola, ndipo amene anawaimbira foni anawauza zomwe anthu amauza namfedwa: kuti galimoto inakanika kutsekuka, kuti anthu a padoko anayesetsa zonse zomwe akanatha. Binwell anawalandira pachipata atagwira chipewa m'manja, n'kuwapatsa mpando. Iwo anathokoza koma sanakhale.

Anapita pagalimoto paja n'kuyamba kuizungulira pang'onopang'ono. Anagwira galasi lakutsogolo ndi chikhatho, anagwira la chitseko cha dalaivala, la kumbuyo, la mbali inayo. Paliponse ankawerama n'kuyang'anitsitsa, ngati munthu wofunafuna ndalama yomwe yagwera mumchenga. Atamaliza kuzungulira anatembenukira kwa Binwell. M'mawu mwawo munalibe mkwiyo kapena chipongwe. Ankangofuna kudziwa mmene amuna awo anafera.

"Bambo, ndimamva kuti magalasi a magalimoto amenewa ndi olimba kwambiri. Tandionetsani, lomwe linakanika kusweka ndi liti?"

Triza anali pakhonde, ndipo anawerama. Che Abdulkarim, amene anabwera kudzapepesa, anayang'ana kunyanja. Binwell akanatha kuloza lililonse, ndipo palibe akanamutsutsa. Koma sanaloze.

"Sitinayese, mayi."

Mayi Nyirongo anamuyang'ana ngati sanamve bwino. Kenaka anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kukhala pansi pamchenga, atatsamira chitseko cha galimotoyo.